Khutuba ya Jumu'ah: Chuma cha Anthu Onse ndi Amanah ya Ochisunga

KHUTUBA YOYAMBA

Tikumutamanda Allah, Mwini thambo ndi nthaka, amene adatiyalira nyanja ndi nsomba zake, mapiri ndi mitsinje yake, natipatsa nzeru zoyendetsera zimene watisungitsa. Kwa Iye tikupempha chithandizo ndi chikhululuko. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, ndi pa Maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenaka tikukulangizani inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Chaka cha ndalama za boma m'dziko lathu la Mozambique chimayamba mu Januwale ndi kutha mu Disembala. Chisanalowe chaka chatsopano, akuluakulu a disitirito ndi a munisipiyo amakhala pansi kulemba ndondomeko ya ndalama, imene pa Chipwitikizi amati orçamento. M'menemo ndimo mumadziwikira kuti mjigo ukumbidwa mudzi uti, mlatho wa pamtsinje uti ukonzedwa, sukulu iti iwonjezeredwa chipinda, ndi msika uti umangiridwa chimbudzi. Mudzi umene dzina lake silidalowe m'mapepala amenewo udikira chaka china, ndipo ukapanda kusamala udikiranso china.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kunong'onezana kuti lero ndale zakwera pa minbari. Khazikani mitima pansi. Pano sititchula chipani, sitikweza munthu, sititsitsa munthu. Koma tafunsani mitima yanu: madzi amene mwapangira wudhu musanalowe mu mzikiti muno achokera kuti? Msewu umene mudanyamulira jeneza la bambo wanu adaulambula ndani? Mayi woyembekezera akayamba kumva zowawa pakati pa usiku, chipatala chili pa mtunda wotani? Zonsezi zimagamulidwa m'zipinda za misonkhano momwe ambiri a ife sitidapondemo phazi. Chisilamu chimene chimatiphunzitsa ngakhale kalowedwe ka m'chimbudzi sichingakhale chete pa nkhani ya chuma cha anthu zikwizikwi.

Mu Surah An-Nisa, ayah 58, Allah akulamula kuti zosungitsidwa zibwezedwe kwa eni ake, ndi kuti woweruza pakati pa anthu aweruze mwachilungamo. Akatswiri a Tafsir amasimba kuti ayah imeneyi ikukhudzana ndi tsiku lotsegulidwa kwa mzinda wa Makka, pamene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adabweza kiyi wa Ka'aba kwa Uthman ibn Talha, wa banja limene lidali kusunga kiyiyo kuyambira kale. Tsiku limenelo mphamvu zonse zidali m'manja mwa Mtumiki, ndipo achibale ake enieni adali pomwepo akuufuna ulemu umenewo. Iye adaupereka kwa mwini wake. Amanah ndi imeneyo: chinthu chili m'dzanja lako, palibe wokuletsa, koma ukudziwa kuti si chako.

Tsono ndalama za disitirito ndi za munisipiyo mwini wake ndani? Tiyeni tizilondole kumene zimachokera. Mayi wogulitsa usipa ndi tomato pamsika amalipira tikiti ya tsiku ndi tsiku asanapeze ngakhale ya ufa. Wokhala m'munisipiyo amadula msonkho wa pamutu wotchedwa Imposto Pessoal Autárquico, ndipo wokhala kunja kwa munisipiyo amadula Imposto de Reconstrução Nacional. Wofuna malo omangapo nyumba, woyendetsa minibasi, wotsegula golosale, aliyense amasiyapo kenakake. Gawo lalikulu limachokera ku Maputo, koma nalonso ndi misonkho ya anthu a dziko lino, kapena ngongole imene adzabweze ndi ana athu. Palibe metikali imodzi m'thumba limenelo imene idachokera m'munda mwa bwana. Pa chilankhulo cha Shariah chuma chotere ndi cha Baitul Maal, nyumba ya chuma cha anthu onse, ndipo wochigwira ndi msungi chabe.

Nkhani yake ndi yolemera kuposa kuba kwa wamba. Woba mbuzi ya mnzake akalapa amadziwa khomo lokagogoda: apita, abweza, apempha chikhululuko kwa munthu mmodzi. Nanga wodya ndalama za mjigo wa mudzi wonse adzagogoda makomo angati? Adzamupeza kuti mwana amene adamwa madzi a m'dambo namwalira? Pa Tsiku la Chiweruzo odandaula ake adzakhala anthu amene sadawaonepo nkhope. M'mabuku odalirika a Hadith muli nkhani ya munthu amene adafa ali pa ulendo limodzi ndi Mtumiki pambuyo pa nkhondo ya Khaybar. Anthu adayamba kumuyamikira kuti walowa ku Jannah, koma Mtumiki adawauza kuti chofunda chimodzi chimene munthuyo adatenga pa chuma cha gulu chisanagawidwe chikumuyakira moto. Chofunda chimodzi, abale athu. Ife masiku ano timamva za matumba a simenti osowa pa ntchito ya sukulu, za mafuta a ambulansi othera pa maulendo a ukwati, ndipo timangoseka nkumati ndi mmene zimakhalira.

Palinso nkhani ya Ibn al-Lutbiyya, amene adatumidwa kukatolera Zakaat. Pobwerera adapatula katundu pawiri, nanena kuti mbali ina ndi ya Baitul Maal ndipo ina adachita kupatsidwa ngati mphatso. Mtumiki adakwera pa minbari nadzudzula mchitidwewo pamaso pa anthu onse, ndipo muyeso umene adapereka ndi wosavuta: munthuyo akadakhala kunyumba kwa makolo ake wopanda udindo, mphatsoyo ikadamupeza kodi? Inu amene muli m'maofesi, inu alembi a mabairo, inu mafumu, inu olemba mayina a oyenera kulandira chithandizo, yezani nkhuku ndi maenvulopu amene amakufikirani ndi muyeso umenewo. Ndipo ife opereka tisadzione oyera. Mtumiki adatemberera wopereka chiphuphu pamodzi ndi wolandira. Tikapereka kangachepe kuti pepala lathu la malo lidumphe mzere, tapondereza mayi wamasiye amene alibe chopereka.

Komatu kusaba kokha sikukwanira. Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, atamasulira loto la mfumu ya Iguputo lonena za zaka 7 za zokolola zambiri ndi zaka 7 za chilala, adapempha kuti aikidwe woyang'anira nkhokwe za dzikolo, ndipo adatchula zinthu ziwiri zomuyenereza: kusunga mokhulupirika ndi kuidziwa ntchito. Munthu akhoza kukhala wosaphonya Swala ya Fajr koma nkumangitsa mlatho wokokoloka ndi mvula yoyamba chifukwa sadziwa kuwerenga mapulani, kapena chifukwa ntchitoyo adaipereka kwa mlamu wake. Kuononga chuma cha anthu chifukwa cha umbuli ndi ulesi nakonso ndi kuphwanya amanah. Yusuf adakonza za njala dzuwa likadali bwino. Ife tidaona kolera itabuka m'disitirito ya Lago mu Seputembala 2022, nifalikira m'zigawo zambiri za dziko pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Matenda amenewa njira yake ndi yodziwika: madzi akumwa osatetezeka ndi kusowa kwa zimbudzi. Ndondomeko ya ndalama imene ikuika patsogolo galimoto yatsopano ndi mipando ya mu ofesi, pamene mijigo yowonongeka ili mbwee m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, yalembedwa ndi anthu amene aiwala msanga maliro a chaka chija.

Za madzi tichedwepo pang'ono, pakuti m'mbiri ya Chisilamu ndi nkhani yaikulu. Asilamu atasamukira ku Madina, madzi abwino adali a chitsime cha Ruma, ndipo mwini wake ankawagulitsa. Uthman ibn Affan, Allah akondwere naye, adachigula nachipereka kuti aliyense azitunga mwaulere, iye mwini nkumatunga monga wina aliyense. Patapita zaka zambiri, Zubayda, mkazi wa Khalifa Harun al-Rashid, adaona mavuto a madzi amene anthu a Hajj ankakumana nawo, nalipira ntchito yaikulu yokoka madzi kuchokera kumapiri kufika ku Arafah ndi kufupi ndi Makka, ndipo dzina lake likutchulidwabe pa ngalande imeneyo mpaka lero. Anthu amenewa adali ndi chuma chomangira nyumba zoti dziko lizidabwa nazo, koma adayamba ndi ludzu la anthu. Tikamapempha kuti m'ndondomeko ya disitirito madzi akhale patsogolo, tikutsata mapazi awo. Tionjezeponso kuti mjigo ukakumbidwa umasanduka amanah ya mudzi. Komiti ya madzi imene imatolera ndalama mwezi ndi mwezi, koma tsiku lothyoka mpini nkupezeka kuti m'bokosi mulibe kanthu, mlandu wake ndi womwewo wa bwana wa ku ofesi, kungosiyana kukula kwa thumba.

Inu akapolo a Allah, tsopano tilankhule za ife amene sitili pa mipando.

Mu 2006, nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, boma lidayamba kupereka ku disitirito iliyonse mametikali 7 miliyoni pachaka, ndalama zimene anthu adazizolowera ndi dzina loti sete milhões, ndipo pambuyo pake zidatchedwa Fundo de Desenvolvimento Distrital. Cholinga chake chidali chakuti anthu azikongola kuti alime chakudya chochuluka ndi kutsegula ntchito, akabweza akongolenso ena. Ndi zodziwika m'dziko lonse kuti ndalama zobwezedwa zidali zochepa kwambiri. Zifukwa zilipo zambiri, ndipo zina ndi za ogawa: kukondera, kupatsa achibale ndi anzawo, kusatsatira ntchito. Koma okongola aja sadachokere kumwezi. Ena adali anthu a m'mizikiti yathu, amene adati ndalama za boma zilibe mwini, nagulira njinga yamoto kapena kukwatirira mkazi wachiwiri.

Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za ngongole: kuti ilembedwe, mlembi akhale wachilungamo, ndipo pakhale mboni. Mtumiki adakanapo kuswalira jeneza la munthu amene adafa ndi ngongole kufikira Abu Qatada, Allah akondwere naye, adalonjeza kuti aibweza. Ngati ngongole ya munthu mmodzi idaimitsa Swala ya jeneza, nanga ya disitirito yonse? Akuluakulu adati mlandu suola. Amene akudziwa kuti adakongola ndalama za gulu, kaya za thumba limenelo, kaya za bungwe la alimi kapena la asodzi, ndipo sadabweze, apite kukafunsa njira yobwezera moyo ukadalipo, ngakhale pang'onopang'ono. Akakanika, aiike mu wasiya wake kuti ana ake adziwe asanagawane chuma chamasiye.

Tanena zimenezi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja lake ndi onse omutsatira.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'Qur'an muli Surah yathunthu yotchedwa Ash-Shura, kutanthauza kukambirana, ndipo m'menemo kukambirana pa zinthu za gulu kwatchulidwa pakati pa Swala ndi kupereka chuma monga chizindikiro cha okhulupirira. Mtumiki, amene ankalandira chivumbulutso, ankafunsabe maganizo a anthu. M'chaka cha 5 cha Hijra, adani akubwera kudzazinga Madina, nzeru yokumba ngalande idachokera kwa Salman al-Farisi, mlendo wochokera ku Persia amene adakhalapo kapolo. Mtsogoleri wosafuna kumva mawu a msodzi ndi a mayi wa kumunda akudziyesa woposa amene adamvera Salman.

Malamulo a dziko lino adatsegula makomo a kukambirana, ndipo ndi bwino tiwadziwe kuti tisamagogode polakwika. Lamulo la nambala 8 la 2003, lonena za maofesi a boma m'zigawo ndi m'madisitirito, pamodzi ndi ndondomeko yake ya 2005, lidakhazikitsa mabwalo otchedwa Conselhos Consultivos kuyambira kumidzi, ku lokalidade, ku posito, mpaka ku disitirito. M'mabwalo amenewa mumakhala mafumu, atsogoleri a zipembedzo, amayi, achinyamata ndi oimira magulu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo ndimo mmene zofuna za midzi zimayenera kudutsira zisanalowe m'ndondomeko ya chaka ya disitirito. M'matauni muli munisipiyo. Masankho oyamba a munisipiyo adachitika mu 1998 m'malo 33, kuphatikizapo Lichinga, Cuamba, Metangula, Tete ndi Moatize. Ulónguè ndi Marrupa adalowa mu 2008, Mandimba mu 2013, ndipo pofika 2023 chiwerengero chidakwana 65. Kumeneko Conselho Municipal imalemba ndondomeko ya ndalama, ndipo Assembleia Municipal, ya anthu amene mudawasankha inu, ndiyo imaivomereza kapena kuikana. Misika, zinyalala, ngalande za madzi a mvula, misewu ya m'tauni, malo ophera nyama ndi manda zili m'manja mwa munisipiyo.

Mwamva zomalizazo? Malo ophera nyama ndi manda. Timadandaula pakhonde la mzikiti kuti manda athu adzaza, kuti sitikudziwa ngati nyama ya pamsika yazingidwa mwa halaal, koma tsiku la msonkhano mipando yathu imakhala yopanda anthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene adzakumbukire manda a Asilamu m'ndondomeko ya ndalama ngati Asilamu eni ake ali kunyumba.

Dziwaninso kuti pali ndalama zimene lamulo lidazipatulira midzi mwachindunji. Kuyambira 2005, magawo 20 pa 100 a ndalama zimene boma limatolera pa kudula mitengo ndi pa nyama zakutchire amayenera kubwerera kwa anthu a dera limene zachokera. Amene mukudziwa za Chipanje Chetu ku Sanga kapena Tchuma Tchato ku chigawo cha Tete mukudziwa kuti ganizo loti chuma cha m'tchire chipindulire eni dera si lachilendo kuno. Kuyambira 2013, magawo 2.75 pa 100 a msonkho wa zokumbidwa pansi amayenera kupita ku ntchito za midzi ya kumene kuli migodi, monga ku Moatize kwa malasha. Ndipo lamulo la nambala 34 la 2014 limapatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga wokhudza ntchito za boma. Choncho munthu wofunsa mwaulemu kuti chaka chino zidabwera zingati, zidagwira ntchito yanji, ndipo kontirakitala wa sukulu ija adalipidwa zingati, sakuchita mwano kapena kuukira. Umar ibn al-Khattab, Allah akondwere naye, amene adakhazikitsa kaundula wa Diwan kuti zopereka za Baitul Maal zizilembedwa, ankawerengera chuma cha akazembe ake powaika pa udindo kuti adzaone ngati chachuluka mosadziwika bwino. Iye mwini, m'chaka cha chilala cha 18 Hijra, adadziletsa zakudya zonona kufikira anthu atapeza chakudya. Mtsogoleri wotero mafunso samuopsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma kafunsidwe kali ndi adabu yake. Tisanene za munthu chimene tilibe nacho umboni, pakuti kunamizira ndi tchimo lalikulu ngakhale wonamiziridwayo ali wa boma, ndipo uthenga wa pa WhatsApp si mboni. Tisaotche ofesi, tisagwetse mlatho, tisaswe mawindo a sukulu chifukwa cha mkwiyo: zimenezo ndi chuma chomwecho cha anthu onse chimene tikuti chisungidwe, ndipo ndalama zokonzera zidzachotsedwa pa mjigo wa mudzi wina. Ndiponso Msilamu amene wapatsidwa mpando m'bwalo la kukambirana adziwe kuti sakuimira mzikiti wokha. Ngati mudzi wa Akhristu uli kutali ndi madzi kuposa wathu, chilungamo ndi chakuti mjigo uyambe kumeneko, ndipo iye akhale woyamba kunena zimenezo. Chitsime cha Ruma sichinkafunsa wotunga kuti ndi wa fuko liti.

Tikupempha makomiti a mizikiti kuti sabata ino afufuze dzina la amene akuimira dera lawo ku Conselho Consultivo kapena ku Assembleia Municipal, ndi tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo alengeze pambuyo pa Jumu'ah ikubwerayi. Musanatume munthu, khalani pansi mugwirizane zinthu ziwiri kapena zitatu zofunika koposa, muzilembe papepala, musunge kope lake. Pokambirana zimenezi amayi afunsidwe poyamba, chifukwa mtunda wa kumjigo ndi wa kuchipatala amaudziwa ndi miyendo yawo. Ndipo popeza tikufuna kuti aboma azionetsa mabuku awo, nafenso tipachike pakhoma la mzikiti chiwerengero cha zopereka za Lachisanu ndi mmene zagwirira ntchito, mwezi ndi mwezi, kuti wolowa aliyense aziwerenga.

E Allah, dalitsani Mtumiki Wanu Muhammad ndi akubanja lake, ndipo kondwerani ndi Abu Bakr, Umar, Uthman, Ali ndi Maswahaba onse. E Allah, ongolani amene mwawapatsa udindo pa ife, kuyambira mfumu ya pamudzi mpaka mtsogoleri wa dziko, ndipo muwapatse alangizi onena zoona. E Allah, amene wasunga chuma cha anthu mokhulupirika pamene anzake akumuseka, mulimbitseni ndi kumudalitsira ana ake. Amene wadya chuma cha anthu, mutsegulireni khomo la kulapa ndi kubweza imfa isanamupeze. E Allah, apepukitsireni ngongole amene zawalemera. Tipatseni mvula ya madalitso yopanda chionongeko, titetezeni ku kolera, ku njala ndi ku namondwe, bwezeretsani mtendere kwa abale athu a ku Cabo Delgado, chizani odwala athu, ndipo chitirani chifundo akufa athu. Ameen.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.